Fexon Anenepetsa Namondwe

1. Mphatso ya Mzee Alois

Fexon anali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene analandira galu woyamba kumutcha wake. Chinali chaka cha 1954, Angerezi akulamulirabe Tanganyika. Iye ankakhala ku Mbamba Bay ndi amayi ake, a Ketrina, pakhomo pa amalume ake, a Efraimu, msodzi wochokera kutsidya kwa nyanja, ku Nyasalande. Bambo ake a mnyamatayu anapita kuminda ya khonje ku Tanga, ndipo zaka zinayi zinatha popanda ngakhale kakalata.

Galuyo anachokera kwa Mzee Alois, mkulu wobadwira ku Chiwanda amene ankakhala yekha pamtunda, kuseri kwa tchalitchi. Mkuluyu anagwirapo ntchito yophika kwa mzungu wina woyeza misewu. Pobwerera kwawo, mzunguyo anawasiyira chigalu chachikazi chachitali ngati mwana wa ng'ombe. Chitaswa, anthu anachita kupanikizana popempha ana ake. Koma kamodzi Mzee anakasungira Fexon, chifukwa mnyamatayo anawathandiza kufolera nyumba popanda womutuma.

"Shikamoo, Mzee," anapereka moni waulemu Fexon tsiku lokatenga kagaluko.

"Marahaba. Khala pansi, mwanangu, kayike pamiyendo. Taona mapazi akewo. Aka si kagalu kam'mudzi kamene kamakula ndi makoko a mbatata. Pakatha chaka ndi theka kadzakufika m'chiuno, ndipo thupi lonselo lidzatsamira pa timiyendo tinayi timene wagwirato. Tsono tchera khutu. Galu wamkulu amayamba wamanga mafupa, mnofu umabwera pambuyo. Ukatembenuza zimenezi, wamupha.

"Uzisinja usipa wouma wathunthu, mitu ndi minga yomwe, mpaka usanduke ufa. Mafupa ake achokera mmenemo. Ufawo uzithira m'phala la mgaiwa, pamodzi ndi dzungu lophika kapena masamba pang'ono. Dzira likapezeka, phika umupatse. Nsomba yaiwisi ayi. Mafupa a nkhuku ayi. Mchere ndi tsabola, usayerekeze. Azidya kanayi pa tsiku m'kambale kakang'ono aka. Akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, katatu basi. Madzi asamasowe.

"Chachikulu ndi ichi: akhale wowonda. Ukamusisita m'mbali uzimva nthiti pansi pa zala. Adzakuyang'ana ngati sanadyepo chibadwire, koma iwe ulimbe mtima. Usamuthamangitse m'miyala, ndipo kuuzimba asapondeko chaka chisanathe. Wamva?"

"Ndamva, Mzee."

Kumva anamvadi, inenso sindingamunamizire. Anakumbatira kagaluko ndi kambale komwe, ulendo wa kunyumba, mano onse ali pamtunda. Panjira anakatcha dzina loti Namondwe.

2. Mawu a kugombe

A Efraimu anangoyang'ana kagaluko kamodzi, nkupitiriza kusoka ukonde wawo.

"Pakhomo pano chilichonse chimene chimadya chimagwira ntchito," anatero. "Nguluwe zatha chinangwa cha amayi ako kumunda wakuphiri uja. Mwezi wa Seputembala tikatentha tchire kudzakhala uzimba. Galu wakoyu adzapite, tidzaone ngati ndi galu. Apo ayi, nyanja ndi yakuya."

Fexon anafuna kunena za chaka chimene Mzee analamula chija. Koma a Efraimu sanali munthu woti nkumuyankha kawiri.

Miyezi itatu yoyamba zinthu zinayenda bwino. Mnyamatayo ankadzuka mbandakucha kukathandiza asodzi kukoka mabwato, iwo nkumupatsa usipa wodzaza manja awiri. Ankauyanika, nkusinja, nkuphika phala asanapite kusukulu. Masana a Ketrina ndiwo ankadyetsa galuyo. Namondwe anakula wamtali, wopyapyala, maso owala, ubweya wonyezimira. Ukanamuona akuyenda pamchenga, ukanati sakuponda pansi.

Koma anthu a kugombe anaona nthiti zokha. Kumeneko mwana wonenepa ndiye wokondedwa, mbuzi yonenepa ndiyo ya munthu waulemu, ndipo galu wooneka nthiti amanyozetsa pakhomo pamene akuchokera.

Amene anayambitsa zonsezi ndi Severin, mnzake wa Fexon wa kusukulu, mnyamata wa pakamwa poyabwa.

"Iwe, galu wako uja akusala kudya? Lenti inatha kale, muuze!"

Anyamata anaseka chikhakhali. Amayi ena amene ankayanika usipa pathandala nawonso anaponyapo awo. "Pole, mbwa, pepa galu wa mzungu iwe! Wagwa m'manja mwa anthu akutsidya, omana ngakhale galu."

Mawu amenewa ndiwo anamulasa Fexon. Kunyozedwa iye yekha akanapirira. Koma kuti anthu akutsidya ndi omana, amayi ake akumva, zimenezo zinamuotcha mumtima sabata yathunthu.

3. Mwera

Mwezi wa Juni unabwera ndi mwera, mphepo yoipa ija yochokera kummwera. Nyanja inakalipa masiku otsatizana, mabwato anangoti mbwee pamtunda, usipa unasowa. Wochepa umene unatsala m'dengu unali ndiwo za anthu.

Njira inalipo. Mzee Alois anali ndi thumba la usipa wouma patsindwi, ndipo akanamugawira ndi manja awiri. A Ketrina anamuuza zimenezo mwana wawo.

"Kwera kwa Mzee ukawafotokozere. Munthu amene anakupatsa galu sangakumane chakudya chake. Ine za agalu sindizidziwa, mwana wanga, koma chinangwa ndimachidziwa. Chimakhutitsa, chimatupitsa mimba, koma chokha sichimanga munthu. Kwathu ndinaona ana oleredwa ndi kondowole wopanda ndiwo. Masaya anali tutumu, miyendo ngati bango. Usachite zinthu pofuna kutseka pakamwa pa Severin. Pakamwa pamenepo sipatsekeka."

Fexon anati, "Chabwino, amayi," koma kumtunda sanapite. Ankadziwa kuti akapita, Mzee akamupatsa usipa pamodzi ndi lamulo la kambale kakang'ono lija. Iye ankafuna galu wodzaza maso, ndipo ankamufuna Seputembala asanafike.

Kambaleko anakaponya kuseri kwa nkhokwe, natenga beseni lakale losambiramo. Ufa wa kondowole unali wosasowa pakhomopo. Ankaphika wodzaza beseni, ndipo kuti ukome ankathiramo mafuta a m'mimba mwa kampango amene asodzi a mbedza ankataya pamchenga. Mnofu wa nsomba ukapezeka ankaupatula bwinobwino, kuchotsa minga yonse, chifukwa Severin anamuuza kuti minga imapha galu. Besenilo linkakhala pansi tsiku lonse, Namondwe nkumadya mmene wafunira.

Ha! Galu ananenepa ameneyo! Pofika Ogasiti nthiti zinali zitakwiririka, khosi litafanana ndi mutu, msana uli tandaa ngati benchi la m'tchalitchi. Amayi a pathandala aja anasintha nyimbo. "Eee, uyu ndiye mbwa! Mwana wa a Ketrina amadziwa kulera." Severin yemwe anayamba kupempha kuti agwireko chingwe. A Efraimu anamumenya galuyo pamsana mwachikondi, nanena kuti, "Nguluwe zilira chaka chino."

Fexon anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Anakomedwa, mwana wa eni.

4. Zimene Fexon anaona

Musaganize kuti panalibe zizindikiro. Zinalipo, ndipo iye anaziona zonse.

Namondwe anasiya kudumphira mbuye wake pochokera kusukulu. Akayenda pang'ono ankakhala pansi, lilime lili panja. Miyendo yakutsogolo inayamba kukhota ngati uta, mfundo zake zitatupa, zala zitatambasuka. Podzuka ankalira motsitsa. Tsiku lina anamupeza akunyambita laimu wa pakhoma la sitolo ya Mmwenye, tsiku lina akutafuna dothi.

Lamulungu lina atatuluka mu Misa, Mzee Alois anamugwira mkono mnyamatayo pakhomo la tchalitchi.

"Mwanangu, wandithawa miyezi iwiri. Galu ali bwanji?"

"Ali bwino, Mzee."

"Ndamva kuti ali bwino kwambiri. Msika wonse ukumutama kunenepa, ndipo ine kutamako kwandisowetsa tulo. Mayi wake wa galu ameneyo ndinamulera ine, mzungu ankangodziwa kumuimbira mluzu. Galuyo anali ndi mlongo wake amene anapita kwa kalaliki wina wa paboma. Kalalikiyo ankamukonda zedi, ankamupatsa mpunga ndi mafuta tsiku lililonse. Pa miyezi isanu ndi itatu galuyo ankakwawa ndi chifuwa. Ndinamukumbira dzenje ndi manja angawa.

"Ngati wasintha chakudya, nena, sindikumenya. Nthawi ikadalipo. Timubwezera pa usipa, timuondetsa pang'onopang'ono, timugoneka pamthunzi miyezi iwiri, mafupa alimba. Koma ndamvanso za uzimba wa Loweruka. Usamutengereko. Amalume ako ndikalankhula nawo ine ngati iwe ukuopa. Bwera naye mawa ndimugwire miyendo."

Apa ndiye panali pothawira. Mawu amodzi okha akanakwanira. Koma Severin ndi anzake anali ataima pafupi, makutu ali tcheru.

"Akudya monga munanenera, Mzee. Kungoti ndi wa thupi. Mawa ndibwera naye."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamusiya mkono. Mawa lake Fexon sanapite. Lachiwiri sanapite. Lachisanu Mzee anatsika yekha ndi ndodo yake, koma mnyamatayo atawaonera patali anatulukira kuseri ndi galuyo nkukabisala m'mabango mpaka mkuluyo atabwerera.

5. Uzimba

Loweruka m'mawa amuna oposa makumi awiri anasonkhana kumunsi kwa phiri ndi mikondo, zibonga ndi agalu awo. Tinali tiagalu tam'mudzi, tofiira, touma ngati nkhuni. Pakati pa timeneti Namondwe ankaoneka ngati bwana pakati pa amtengatenga, ndipo aliyense anafuna kumuona.

Anayamba kukwera. Lupsa linali likadanunkha utsi, phulusa likufuka pamapazi. Asanafike ndi pakati pomwe Namondwe anakhala pansi kawiri. Fexon anamukoka ndi chingwe.

"Akusunga mphamvu," anatero, osayang'ana munthu kumaso.

Mwadzidzidzi tiagalu tija tinayamba kuuwa m'khwawa. Nguluwe yaikulu inatumphuka m'ziyangoyango, nkuwoloka khwawalo, fumbi lili koboo.

"Masula! Masula galuyo, iwe!" anakuwa a Efraimu.

Fexon anamasula. Ndipo ndinene zoona, galuyo mtima anali nawo. Anaiwala ululu wonse, anathamanga mmene sanathamangirepo chibadwire, thupi lonse likugwedezeka. Pamphepete pa khwawa panali thanthwe lofika m'chiuno mwa munthu. Tiagalu tonse tinalidumpha ngati masewera. Namondwe naye anadumpha.

Anatera ndi miyendo yakutsogolo. Kunamveka kuti tswa, ngati munthu wathyola phesi la chinangwa. Galuyo anagwa chafufumimba, mphuno m'phulusa. Kulira kumene analira kunaimitsa uzimba wonse.

Kalanga ine! Nguluweyo sanaikhudze nkomwe.

Fexon anatsetsereka m'khwawamo. Mwendo wakumanja unali utapindika pamalo pamene palibe mfundo. Wakumanzere unali utakhota, ukunjenjemera. Namondwe anayesa kudzuka atamva fungo la mbuye wake, anagwanso, kenaka anayamba kumunyambita dzanja.

Amuna anazungulira. Severin, mwini pakamwa uja, anangoyang'ana kumbali. A Efraimu anafika akupuma mwa wefuwefu, manyazi ndi ukali zitawagwira pamodzi.

"Choka apo. Ndimuthandize asavutike." Anakweza chibonga.

Mnyamatayo anagona pamwamba pa galu wake. "Ayi, amalume! Yambani mwamenya ine!"

Mkulu wina anawagwira dzanja a Efraimu. Iwo analavula pansi, natembenuka. "Chabwino. Magazi a galu sindiwafunanso pachibonga changa. Ndikukatenga chingwe, bwato lili pamadzi."

6. Katundu wolemera

Uzimba unapitirira, chifukwa nguluwe sizidikira maliro a galu. Fexon anatsala yekha m'khwawa. Anavula malaya, anakulunga miyendo ija, nayesa kumunyamula Namondwe pamapewa.

Mayo, kulemera kwake! Anadzandira, anagwada, anadzukanso. Kulemera konseko anakuika yekha, beseni ndi beseni, ndipo tsopano kunali pakhosi pake. Ankayenda mapazi makumi atatu nkupuma. Paliponse pamene wapunthwa galuyo ankalira pafupi ndi khutu lake. Anafika kwa Mzee Alois dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, misozi itasakanizika ndi phulusa.

Mzee anamuthandiza kutsitsa galuyo. Anayala chiguduli pakhonde, namugoneka galuyo. Anasisita m'mbali kufunafuna nthiti, osazipeza. Kenaka anagwira mwendo wakumbuyo, umene sunavulale, naufinya pang'ono. Fupa linagonja pansi pa chala chawo.

"Bweretsa dzanja. Gwira apa."

Fexon anagwira. Linali lofewa ngati nzimbe yanthete.

"Wakhala ukumupatsa chiyani?"

Mnyamatayo anaulula zonse: beseni, kondowole, mafuta a kampango, minga imene ankachotsa, bodza la pakhomo la tchalitchi, ndi mabango amene anabisalamo.

"Thanthwe lija silinamuthyole galuyu," anatero Mzee Alois. "Unamuthyolera m'beseni, mwanangu, pang'onopang'ono, iye akukugwedezera mchira. Sindikunena izi kuti ndikupweteke. Ndikufuna udziwe pamene panalakwika, chifukwa mawa anthu adzati galu wachizungu ndi wofooka, ndipo iwe udzafuna kuwavomereza.

"Tsono imva zimene zatsala. Mwendo uwu ndiumanga ndi nsungwi ndi luzi. Kapena ugwira, kapena ayi, fupa lofewa silichedwa kukana. Akakhala moyo, miyezi itatu sadzaima. Udzamunyamula m'mawa ndi madzulo kupita naye kuthengo. Udzamutembenuza kuti asachite zilonda. Udzasinja usipa tsiku lililonse, ndipo udzamupatsa wochepa, chifukwa mafuta onsewa ayenera kuchoka. Adzalira njala, anthu adzakuseka kuposa kale. Ndipo pamapeto pake, nguluwe sadzaithamangitsa mpaka kufa kwake. Adzakhala galu wotsimphina wa pakhonde. Ine ndakalamba, msana sundilola kumunyamula. Ntchito imeneyi ndi ya amene anamudyetsa."

Ali mkati modula nsungwi, panjira panamveka mapazi. Anali a Efraimu, chingwe cha nangula chili paphewa.

"Hodi, Mzee. Ndabwera kudzatenga galu."

"Karibu. Koma galuyu si wanga, si wanunso. Mwini wake ndi uyu. Ayankhe yekha."

A Efraimu anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawoyo. Sanakuwe, ndipo kusakuwako ndiko kunaopsa.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa amuna anzanga, koma zimenezo ndingaiwale. Ndikudyetsa iwe, ndikudyetsa amayi ako, pamene bambo ako sakudziwika kumene ali. Sindidyetsanso galu wolumala. Ukandipatsa, titsikira limodzi kunyumba, nkhani yatha. Ukamusunga, mphasa yako ukaipeza panja. Sankha."

Mutu wa Namondwe unali pamiyendo pa Fexon, wotentha, wolemera. Mnyamatayo anayang'ana Mzee, koma mkuluyo anangopitiriza kusenda nsungwi yake.

"Chingwecho bwererani nacho, amalume."

"Wati chiyani?"

"Ndamulumaza ndine. Sindimuponya m'nyanja."

A Efraimu anagwedeza mutu kamodzi. Anakonza chingwe paphewa, natsika njira osatsanzika. Pamakhotero a njirayo anakumana ndi a Ketrina, amene anali atamva za ngoziyo kugombe ndipo ankakwera chothamanga, mpango uli m'manja. A Efraimu anawadutsa mlongo wawoyo ngati sakuwadziwa.

A Ketrina anaima. Anayang'ana msana wa munthu amene anawasunga zaka zinayi, kenaka anayang'ana mwana wawo pakhonde, wopanda malaya, atakumbatira galu wothyoka miyendo.

"Fexon," anatero, "amalume ako wawayankha chiyani?"